Gawo Lachisanu la Kope la Pageti

4 Febuluwale

Okondedwa bambo a ana anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi onse a pakhomo. Ine kuno ndadzuka, kungoti bondo lamanzere lija limayamba kulankhula ndikafika pa sitepe ya 31 mwa masitepe 44 okwerera kuchipinda changa. Chaka chatha linkayambira pa ya 38. Musade nkhawa, ndikulipaka mankhwala.

Apongozi, mkazi wa mwana wathu, inu amene mukuwawerengera kalatayi, zikomo. Muziwerenga pang'onopang'ono, ndipo manambala musawadumphe monga munachitira ulendo watha. Anandiuza okha. Maso ndiwo anawathawa, koma makutu ali bwinobwino.

Nkhani yaikulu kuno ndi yakuti msewu wa pansi pa phiri uja autsegula Loweruka lapitali, atakumba zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu akuutcha Una. Ndi wautali mamita 2,800, ndipo galimoto imatulukira kuseri kwa phiri m'mphindi zinayi. Msewu wathu wakale wokwera pamwamba, pamene pali geti lathu, umatenga mphindi 35, ngati kutsogolo kulibe lole. Kunabwera akuluakulu kudzadula kansalu. Ine ndinangomva ng'oma za bandi ndili m'kanyumba kanga.

Ku Una kulibe munthu wolandira ndalama. Kamera imajambula nambala ya galimoto, ndalama n'kuchoka yokha m'foni ya mwini wake. Mtengo wake ndi wa mabuledi atatu, pamene pageti pathu ndi wa buledi mmodzi. Ndikukuuzani m'mabuledi chifukwa ndalama za kuno simuzidziwa. Pa wailesi anatchula zimene boma lawononga pokumba. Ndinazilemba pansi, ziro zinalipo zisanu ndi zinayi. Ndawerengetsera kuti Unawo udzabweza ndalamazo pakatha zaka 41. Ine ndi inu sitidzaona nawo.

Mukudziwa kuti chiyambire ntchito ino ndimalemba m'kope langa magalimoto onse odutsa, ngakhale palibe anandituma. Tsamba lililonse ndimaligawa panayi ndi lula: ang'onoang'ono, mabasi, malole, njinga zamoto. Lachisanu, Una usanatsegulidwe, panadutsa 9,114. Lolemba panadutsa 1,902. Kale a mawindo a anzanga ndinkachita kukopera ku malisiti awo potseka. Tsopano achepa moti ndimawaona onse ndi maso anga, kuyambira 6 koloko m'mawa potsegula mpaka 6 madzulo potseka.

Tinalipo anthu 11, asanu ndi awiri awapatsa makalata. Tatsala anayi: ine pa windo lokwera, Amake mapasa pa windo lotsika, Ndevu mlonda wathu amene amakweza mpiringidzo, ndi a Kapitawo. Onse amanditchabe Aphunzitsi, ngakhale choko ndinachigwira komaliza zaka 19, miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku 25 apitawo. Paja ndinati ndikakhala kuno zaka ziwiri zokha, ana amalize sukulu.

Ndalama ndatumiza Lolemba. Muchotsepo kaye za mankhwala a m'maso. Zotsalazo mugule malata awiri a pa kashedi kanu kokonzera njinga, a mamita atatu, osati awiri ndi theka. Pampu musabwereke munthu, inabwera yopanda chikopa ulendo uja.

Ndine wanu,
Make ana

3 Malichi

Bambo a ana anga,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa chija chatha. Ine ndili bwino. Bondo lili pa sitepe ya 30.

Lachiwiri a Kapitawo anatiitana tonse ali ndi kalata ya ku likulu. Anaiwerenga kawiri, chifukwa ulendo woyamba Ndevu ankatsokomola dala. Mutu wake ndi uwu: mwezi wonse wa Epulo, masiku 30, adzawerenga malisiti athu. Akapeza kuti pakudutsa magalimoto 1,500 pa tsiku, kutanthauza 45,000 pa mwezi, geti likhala. Akapanda kukwana, geti litsekedwa, msewu wa pamwamba autseka ndi miyala, ife anayi ntchito yatha. Akuti boma lilibe ndalama zosamalira misewu iwiri, zonse zinalowa mu Una.

"Aphunzitsi, tili pati?" anandifunsa Amake mapasa.

"Sabata yathayi, 1,511 pa tsiku. Koma tikutsika ndi atatu sabata iliyonse."

"Inu mukanakhala dokotala," anatero Ndevu, "odwala bwenzi akufa ndi pakamwa panu pokha."

Amake mapasa sanaseke. Mukumbukira, ndinakuuzani za iwo. Ndi amasiye, ndipo mapasawo ali chaka chomaliza ku sekondale. Poyamba ankagulitsa mazira owiritsa kwa madalaivala pamdipiti. Ndinaona kuti pobweza chenji salakwitsa, ndiye malo atapezeka ndinawanenerera ndine.

Amene atsala akudutsa kwathu ndi ochepa ndalama, malole a mafuta amene saloledwa mu Una, ndi anthu okhala m'phirimo. Palinso mkulu wina wa kalole ka nkhuku. Ndinamufunsa kuti bwanji osadzera pansi, nkhuku zifike msanga. Anati, "Mayi, pansi pa nthaka ndidzalowapo kamodzi kokha, ndipo tsikulo sindidzalipira."

Pa 19 mwezi wathawu lole inafera m'kati mwa Una, msewu n'kutsekeka maola asanu. Onse anabwerera kwa ife, 6,480. Bambo, mukanaona! Mdipiti unafika ku kwale ya miyala, makilomita atatu, ngati kale. Ogulitsa nthochi anatulukira sindikudziwa kuti. Malipenga, utsi, mainjini kuwira, madalaivala kutulutsa mitu pamawindo. Ndinatukwanidwa kasanu ndi kawiri, ndipo ndinaweruka ndikumwetulira. Zaka zonsezi tinkadandaula ndi mdipiti umenewu. Munabadwira ana awiri m'mdipiti umenewu, wina ndinamufunda juzi yanga. Ndinkadziwa amene wakwatira, amene wagulitsa lole, amene wasiya mowa. Anthu ukawaimika amalankhula. Tsopano pamatha mphindi zitatu osadutsa kanthu, ndimamva mpaka mbalame. Zikundikumbutsa pakhomo pathu masana, inu mukupopa tayala, ine ndikuchonga makope a ana pakhonde.

Mwafunsa kuti ndibwera liti. Funso limeneli lili m'makalata anu 61 mwa 88 amene ndasunga. Tione kaye Epulo.

Malata mwati agula a mamita awiri ndi theka. Ndinanena. Asadule, akabweze.

Ndine wanu,
Make ana

12 Epulo

Bambo a ana anga,

Ndikupatsani moni inu, apongozi ndi zidzukulu. Ine ndili moyo. Mwezi uno ndalama zibwera zochepa, chifukwa chake muchimva pansipa. Apongozi, gawo ili muwerenge motsitsa mawu, ndipo lisatuluke pakhomo.

Masiku asanu oyamba a Epulo sitinafike 1,500 ngakhale tsiku limodzi. Pa 5 madzulo Ndevu anabwera ndi nzeru. Ali ndi mlamu wake wonyamula mchenga, wa kagalimoto kobiriwira kopanda chitseko chakumbuyo. Akuti azidutsa pageti, akatembenukire ku kwale, abwerere, adutsenso. Ulendo uliwonse azilipira ndi kulandira lisiti. Ndalama zake tizisonkha ife m'chitini cha mkaka.

Ine ndinati, "Kumeneko ndi kunama."

A Kapitawo anayang'ana kuphiri n'kunena kuti khutu lawo likuwavuta masiku ano, sakumva kalikonse.

Amake mapasa anati, "Aphunzitsi, galimotoyo izidutsa kapena ayi?"

"Izidutsa."

"Izilipira?"

"Izilipira."

"Ndiye bodza lili pati? Boma lilandira ndalama zake. Otaya ndife."

Ndinafuna kuyankha, koma ndinaona manja awo. Ankapinda lisiti limodzi, kulifunyulula, kulipindanso. Mapasa alemba mayeso mu Okutobala. Ndinatsegula kachikwama kanga n'kuponyamo m'chitinimo, woyamba ndine. Mundiweruze nokha.

Tsopano mlamuyo amadutsa kasanu ndi katatu kukwera, kasanu ndi katatu kutsika, masiku ena kuposera apo. Ndevu amamusinthira maonekedwe. Ulendo wina chipewa, wina magalasi akuda, wina matiresi pamwamba pa galimoto. Ndinamuuza kuti lisiti silijambula nkhope ya munthu, akuvutikira chiyani. Anati, "Aphunzitsi, ntchito iliyonse ili ndi yunifolomu yake." Amake mapasa amamulandira ndi ulemu wonse: "Mwayenda bwanji alendo? Kwathu kuno n'koyamba?" Iye amayankha kuti wachokera kutali, chonsecho tiyi amene anamusiya pa windo sanazizire n'komwe. Taseka sabata ino kuposa chaka chonse chatha.

Chimene chinandivuta ndi kope. Ndinayesa kumuika kagalimotoko m'gawo la ang'onoang'ono, dzanja linakana. Galimoto imodzi siingakhale magalimoto 16. Ndiye ndinatenga lula n'kujambula gawo lachisanu kumapeto kwa tsamba, pamwamba pake ndinalemba kuti "obwereza". Mtima unakhala pansi. Kope ndi langa, ndinagula ndekha, ndipo pa zaka zonsezi palibe analipemphapo kuti alione.

Lamulungu ndi tsiku langa lopuma, koma mwezi uno ndikumapitabe, kukakhala pa kreti pambali pa geti, kuti tsiku lisasowe m'kope. Dzuwa la pamenepo silabwino, tsiku lina ndinaona ngati msewu ukupendekeka, koma zinatha nditamwa madzi.

Mwati mtengo wa malalanje wa pakhomo wabereka kwambiri. Ndinaubzala ine chaka chochoka, uli ngati chala. Ndadyako zipatso zake kawiri kokha. Nthambi ya kumsewu muiikire mphanda isathyoke.

Ndine wanu,
Make ana

2 Meyi

Bambo a ana anga,

Moni wa chimwemwe. Ndikhulupirira muli bwino monga ndilili ine.

Takwanitsa. Malisiti a Epulo ndi 45,212. A Kapitawo anawawerenga ndi makina, ine ndi dzanja, ndipo tinafanana. Khutu lawo lachira tsiku lomwelo. Anagula zakumwa zoziziritsa kukhosi, Ndevu anavina ndi mpiringidzo, kuukweza ndi kuutsitsa popanda galimoto, mpaka mkulu wa nkhuku uja anaima kufunsa ngati wina wabereka. Amake mapasa anandikumbatira n'kunyowetsa phewa la yunifolomu yanga. Akuti sabata yamawa kubwera munthu wa ku likulu kudzasaina kuti geti likhale.

Mlamu uja anadutsa ka 412. Aliyense wa ife wataya mabuledi 103, osawerengera mafuta. Mwezi uno ndidya mosamala, koma za mankhwala anu sindichotsako.

Chakumwa changa ndinamwa theka lokha. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndinakhala pa kreti ndikuyang'ana anzanga akusangalala, mutu uli kwanuko. Geti likakhala ndiye kuti inenso ndikhala, mwina zaka zina zitatu, mpaka adzanene okha kuti ndakalamba.

Ndinakumbuka tsiku lija ndinabwera ndi njinga ya sukulu ku shedi yanu, wilo litapindika. Ndinali ndi miyezi iwiri pa uphunzitsi. Munandiuza kuti ndikhale pa benchi, ndipo munatenga ola lathunthu pa ntchito ya mphindi khumi. Kenako munati, "Aphunzitsi a masamu, wilo ili lili ndi masipoko angati?" Ndinati 36, chifukwa ndinali nditawerenga kale kawiri podikira. Munati, "Ine zaka zisanu ndi ziwiri ndikumanga mawilo, sindinawerengepo. Ndimangomva ndi chala." Ndinaganiza kuti munthu uyu ndi wosasamala, ndalama zingamuthere osadziwa. Sindinalakwe. Sabata yotsatira ndinabweranso, wilo lili bwinobwino, ndinati likulira.

Apongozi andilembera kuti mpaka pano anthu amabwerabe ndi mawilo, ndipo mumawawongola osaona. Ndinawerenga mzere umenewo katatu.

Bondo lili pa 28. Mwini nyumba akuti chipinda chapansi chikhala chopanda munthu mu Juni, koma mtengo wake ndi wina. Ndiona.

Ndine wanu,
Make ana

13 Meyi

Bambo,

Moni. Ine m'thupi ndili bwino.

Wa ku likulu uja anabwera lero. Ndi mayi wachitsikana, injiniya, msinkhu wa mwana wathu womaliza. Anafika masana anzanga ali kuseri akudya, ine ndikuyang'anira mawindo onse awiri. Pepala losaina linali kale m'manja mwake. Anaima pakhomo pa kanyumba kanga kudikira a Kapitawo, ndipo anandiona ndikuchonga lole m'kope.

"Amayi, mukulemba chiyani?"

Ndinamuuza. Anapempha kuti aone. Bambo, zaka pafupifupi 20, makope 58, munthu woyamba kupempha. Anakhala pa kreti yanga, chisoti chake pamiyendo, n'kumatsegula tsamba ndi tsamba. Anati mayi ake analinso mphunzitsi, ankalemba 7 wodula pakati ngati wanga. Anati, "Izi ku likulu tilibe. Ife timangodziwa ndalama, sitidziwa kuti mabasi amachuluka ola liti. Tikanakhala ndi makope awa, polowera ku Una tikanamanga mosiyana." Ndinamva kutentha kumaso ngati mwana amene waitanidwa kutsogolo kukalandira mphotho. Ndinatulutsa ndi kope la Epulo lomwe, ndekha, osapemphedwa, kuti aone kuti ngakhale Lamulungu silinasowe. Ndinamufotokozera gawo loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi.

"Nanga ili lachisanu?"

"Amenewo ndi obwereza. Ndi galimoto imodzi, imakatembenukira ku kwale."

Ndinayankha ngati mmene ndinkayankhira mwana akafunsa m'kalasi. Mawu anatuluka okha, athunthu, omveka bwino. Ndinawamva ali kale kunja.

Anatsegula tsamba lomaliza pamene ndinaonkhetsa zonse, ndipo ndinali nditadula mizere iwiri kunsi kwa 412, mwa chizolowezi. Anatenga cholembera changa chomwe n'kuchotsera pambali. 44,800. Kuperewera 200.

"Amayi," anatero motsitsa, "mukanangoti simukukumbukira."

"Ndikanatero."

"Tsopano ndadziwa. Ndipo dzina lopita pansi pa lipotili ndi langa."

Anajambula tsambalo ndi foni, anapinda pepala losaina lija n'kuliika m'chikwama. A Kapitawo atabwera anawauza kuti pali zina zoti akaonenso ku ofesi. Ndevu anamukwezera mpiringidzo ndi sawatcha, n'kumufunira ulendo wabwino.

Anzanga sakudziwa kanthu. Amake mapasa anandisungira nthochi ziwiri, zili pano patebulo. Ndikawauza ndekha mawa tisanatsegule, asamve kwa wina.

Za chipinda chapansi zija ndazisiya.

Make ana

30 Juni

Okondedwa bambo a ana anga,

Pepani. Masabata asanu ndi awiri osalemba, sizinachitikepo. Makalata anu atatu onse ndinalandira. Sindinadwale kwenikweni, masiku anayi okha, ndipo zinatha.

Geti litsekedwa pa 31 Julayi.

Ndinawauza m'mawa muja monga ndinanenera. A Kapitawo anakhala pansi pa msewu penipeni. Ndevu anati, "Zaka zonsezi timati Aphunzitsi ali ndi mutu. Kodi ndi mutu wokhawokha, m'chifuwamu mulibe kanthu?" Kenako anati, "Munaponya ndinu woyamba m'chitini! Munkalipira kuti mupeze cholemba?" Funsolo linali labwino. Amake mapasa anangochotsa kapu yawo pa shelefu pamene inkakhala pambali pa yanga kwa zaka 11. Kuyambira tsikulo mawindo athu akuyang'anana, ife ayi.

Injiniya uja analemba kuti nambala sinakwane, basi. Za chitini sanatchule, ndiye palibe walangidwa. A Kapitawo awasamutsira ku geti lina kutali. Ndevu alibe kolowera.

Pa 3 Juni injiniyayo anandiitana ku Una. Pali chipinda chopanda windo, chozizira, chokhala ndi ma TV 24 oonetsa m'kati mwa msewu. Akufuna munthu mmodzi woyang'ana ndi kulemba lipoti la tsiku. Malipiro ndi oposa a pageti, okwanira chipinda chopanda masitepe. Anati malowo ndi anga. Ndinayang'ana magalimoto akuthamanga m'magalasimo, opanda nkhope, opanda moni, ndipo ndinawerenga 73 ndisanazindikire kuti ndikuwerenga. Ntchitoyo ndikanaitha. Ndinamuuza kuti ampatse mayi wa pa windo lotsika. Anati pali mayeso a masamu ndi kalembedwe ka lipoti, akakhoza 16 pa 20 amuyesa miyezi itatu, kupitirira apo salonjeza.

Poti sitikulankhulana, ndinagula kope latsopano, ndinalembamo za malowo ndi mafunso 20, n'kulisiya pa shelefu. Linakhala pomwepo masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinalipeza litayankhidwa. Ndinachonga ndi cholembera chofiira: 11. Ndinalemba ena. Takhala tikutero tsiku lililonse, osanena liwu. Dzulo anapeza 15. Amathamangira maperesenti.

Ndadzifunsa ngati ndinalakwitsa chabe, kapena ngati pena pake m'kati mwanga ndinkafuna kuti geti litsekedwe. Samu imeneyi ndaiwerengetsa kambiri, ndipo yankho silituluka lofanana kawiri.

Tsopano za kalata yanu ya pa 10 Juni. Apongozi alemba kuti munawauza alembe mzere umodzi wokha: "Lero akwana masiku 7,300." Inu, munthu woti chenji cha kasitomala mumachita kufunsa kasitomala yemweyo. Mwalakwitsa. Mwaiwala zaka zisanu zimene Febuluwale anali ndi masiku 29, ndiye ndi 7,305. Komanso simunachotse maulendo 14 amene ndinabwera kutchuthi, masiku 21 ulendo uliwonse, onse pamodzi 294. Yankho ndi 7,011.

Koma ndakuchongerani. Sindinkadziwa kuti mumawerenga.

Ndine wanu,
Make ana

1 Ogasiti

Bambo a ana anga,

Moni kwa inu ndi onse. Ine ndili bwino, ndipo kalata ino ndi yaifupi chifukwa zambiri ndidzanena pakamwa.

Dzulo tinatseka. Panadutsa 1,388. Womaliza anali mkulu wa nkhuku, 6 koloko itatsala mphindi zinayi. Anati azizungulira njira ya kuchigwa, maola awiri, koma pansi salowa. Anapempha lisiti lake kuti akalisunge. Ndevu anatsitsa mpiringidzo pang'onopang'ono, n'kuupukuta ndi chipewa chake. Lole ya miyala yotsekera msewu inali itaima kale ku kwale.

Amake mapasa analemba mayeso pa 22, anapeza 18. Ayamba Lolemba. Dzulo tikulongedza anabwera pa windo langa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, funso la nambala 7 lija analakwitsa ndi ochonga mayeso, ine ndinakhoza." Anandionetsa, ndipo ankanena zoona. Ndi mawu oyamba pa masiku 78. Tinamwa tiyi, makapu onse awiri.

Ndevu azithandiza mlamu wake pa mchenga, ndi ntchito ya apo ndi apo. Sanandikhululukire, ananena yekha. Koma akuti sangalole kuti nkhalamba igubuduzike pa masitepe 44 ndi sutikesi, anthu angati wandikankha ndi iye, ndiye abwera kudzanditsitsira katundu. Ndamusiyira mbaula, bedi ndi mpando. Anati mpandowo ndi wolimba ngati mwini wake, koma anautenga.

Makope 57 ndapereka kwa injiniya, akuti awagwiritsa ntchito. La Epulo ndabwera nalo.

Ndinyamuka pa 9, ndifika pa 11 cha m'ma 3 koloko masana. Basi imadzera mu Una, mtengo wake uli kale m'tikiti. Ndidzadutsa pansi pa geti langa m'mphindi zinayi.

Katundu ndi sutikesi imodzi ndi katoni imodzi. Musatume galimoto. Mubwere inuyo pa siteji ndi njinga ija ya kaliyala, mupope matayala onse awiri, mutengenso chingwe. Apongozi, muwaperekeze pobwera, koma pobwerera mutsogole, mukatereke madzi.

Kuchokera pa siteji kufika pakhomo ndi mapazi 2,340, ndinawerenga tsiku lochoka lija. Ndi bondo ili achuluka. Inu mudzagwire njinga, ine ndidzagwira mkono wanu, ndizikuuzani pamene pali mwala. Tikafika pa mtengo wa malalanje mudzandifunse kuti mapazi akwana angati. Ndikuganiza kuti sindidzadziwa.

Ndine wanu,
Make ana